Lenikoti ya M'kabati Nambala 14

Amene sanakhalepo kumunsi kwa phiri sadziwa chiperoni. Si mvula yeniyeni ayi. Ndi kamvula konga ufa, kogwa mwakachetechete masiku anayi, asanu, osaleka, mpaka mchere kusungunuka m'botolo, machesi kukana kuyaka. Nkhani iyi inachitika nyengo yoteroyo pa esiteti ina ya tiyi. Dzina la esitetiyo lisiyeni, anthu ake alipobe ndipo akugwirabe ntchito.

Pa esitetipo panali nyumba yosinthira zovala ya amayi otchola tiyi, ndipo wosunga makiyi ake anali Filesi Namakhwa. Filesi anali mayi wosakonda kubwereza mawu. Akanena kamodzi, wanena basi. M'nyumbamo munali makabati achitsulo makumi atatu, ataliatali, obiriwira, lililonse ndi nambala yake. Zitseko zake zinali ndi timabowo kumwamba ndi kumunsi kuti mphepo izilowa ndi kutuluka. Munthu akaweruka ankapachika lenikoti yake yonyowa pa mbedza, majombo n'kuwazondotsa pansi, ndipo pofika m'mawa zonse zimakhala zitauma, zopanda chuku, zopanda fungo.

Malamulo a Filesi anali ochepa koma owuma. Osasungamo chakudya. Osapinda lenikoti. Ndipo lalikulu, limene ankalinena tsiku lililonse: osatseka timabowo.

"Kabati imapuma ngati iweyo," ankatero. "Ukaitseka mphuno, zovala zako ziwola."

M'mwezi wa Malichi kunagwa tsoka. Dolika Sikelo, mtsikana wa kabati nambala 14, analandira uthenga masana kuti mwana wake wakomoka kunyumba. Anathamangira kosinthira zovala, n'kupachika lenikoti yake ikudontha madzi, n'kuvula majombo, ulendo. Sanatsanzike kwa kapitawo, analibe nthawi. Koma tsiku limenelo mvula inali itagwa yambiri kuphiri, ndipo kamtsinje kamene anthu amawoloka madzi akulekeza m'maondo kanali katadzaza. Anam'peza patapita masiku awiri. Mwana uja anachira.

Maliro atatha kunabwera mayi ake a Dolika, a Nanyoni, munthu wachikulire woyenda ndi ndodo. Anakhala pansi pakhomo pa nyumba yosinthira zovala, n'kuwomba m'manja.

"Amwali, ndabwerera zovala za mwana wanga. Mawa tikuchapa zovala zake zonse kumtsinje, monga mudziwa mwambo. Akuti kuno kwatsala zimene anavala tsiku lomaliza."

Filesi anawapatsa mpango ndi kasopo kamene kanali m'kabatimo. "Izi ndiye zake, mayi. Lenikoti ndi majombo ndi za kampani."

"Koma thukuta lili m'menemo ndi la kampani?"

"Pepani mayi, lamulo silinapangidwe ndi ine."

A Nanyoni sanakangane. Anayang'ana kabati ija nthawi yaitali, anadzuka ndi ndodo yawo, n'kumapita. Filesi anatseka nambala 14 ndi loko, ndipo nkhani inathera pomwepo. Kapena tinene kuti iye ankaganiza choncho.

Mu Juni, chiperoni chitayamba, malo a Dolika anapatsidwa kwa Lusiya, mwana woyamba wa Filesi, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Malenikoti amene anatsala kusitolo anali ong'ambika m'mapewa, ena opanda mabatani. Filesi anawayang'ana, n'kukumbukira kuti ya Dolika inali yatsopano, yovalidwa miyezi iwiri yokha. Mayi wake uti amene angapatse mwana wake chong'ambika, chabwino chilipo? Anatsegula nambala 14.

Lenikoti ija inali ikudontha.

Filesi anaima kaye. Miyezi itatu m'kabati yokhala ndi timabowo, n'kukhalabe yonyowa? Anakweza maso kudenga. Malata anali bwinobwino. Anati mwina ndi chinyezi cha chiperoni, anaipukuta ndi chiguduli, n'kumuveka mwana wake.

"Amayi, ikuzizira," anatero Lusiya.

"Ukufuna ikufunditse ngati bulangete? Tiye kuntchito."

M'mawa mwake amayi onse anapeza zovala zawo zitauma monga mwa masiku onse. Ya Lusiya yokha inali chinyowere, ndipo pansi pa kabati panali kachithaphwi kamene kanayenderera mpaka pakati pa chipinda.

"Iwe, unaipinda eti?"

"Ayi amayi, munaona nokha ndikupachika."

Filesi anakolopa akung'ung'udza. Tsiku lachitatu zinali chimodzimodzi. Tsiku lachinayi anapisa dzanja m'thumba la lenikotiyo n'kutulutsa mchenga wodzaza chikhatho, mchenga wosalala wa mumtsinje. M'minda ya tiyi mulibe mchenga, dothi lake ndi katondo wofiira. Anaununkhiza. Unkanunkha matope ndi masamba owola. Anautaya panja osauza munthu.

Filesi sanali munthu wothamangira za mizimu. Anati vuto ndi kabati. Anakwera pampando n'kuunika paliponse, anatokosa timabowo ndi waya, anaikankha kabatiyo kuichotsa kukhoma. Palibe chimene anapeza. Ndiye madzulo ena anatenga lenikoti ija ndi majombo ake n'kuzipachika m'kabati nambala 27, imene inalibe mwini. Anatseka zonse ziwiri, 14 ndi 27, anakhoma chitseko chachikulu, makiyi n'kuwamangirira pansonga ya chitenje. Anagona nawo makiyiwo.

Kutacha anatsegula 27. Munali mbee, mouma, ndi kangaude wake pakona. Anatembenuka. Madzi anali akutuluka pansi pa nambala 14, ndipo loko wake anali chikhomere.

"Ndinaika kuti kodi ine?" anadzifunsa mokweza. "Kapena sindinasamutse? Ndinangoganiza chabe?"

Agilesi, mayi wa kabati nambala 15, wa pakamwa posatseka, anali akuvala majombo ake pabenchi. "Munasamutsa, achemwali, ine ndinalipo. Koma mwini nyumba sakonda kusamutsidwa osamuuza."

"Mwini wake uti? Usayambe zako m'mawa uno."

"Ine sindinatchule munthu. Ndingoti, ineyo ndikapachika zanga madzulo ndimachita changu, chifukwa neba wangayu amapuma."

"Amapuma bwanji?"

"Ikani khutu mumve nokha. Ine langa ndinaika kamodzi, landikwana."

Amayi ena anaseka, koma kuseka kwake kunali kwaufupi, ndipo tsiku limenelo onse anatuluka msanga. Filesi atatsala yekha anayandikira. Anadziuza kuti akufuna kungoona ngati mphepo ikudutsa bwino. Anaika tsaya pa timabowo ta kumwamba. Kamphepo kozizira kanam'khudza, kenaka kanaleka, kenaka kanabweranso. Kutuluka, kulowa. Kutuluka, kulowa. Panja mitengo inali chiimire, tsamba ngakhale limodzi silinkagwedezeka.

"Ndi mphepo," anatero, ndipo anakolopanso pansi pamene anali atakolopa kale.

Nthawi yonseyi Lusiya anali akusintha. Mtsikana amene kale ankaimba pochapa mbale tsopano ankangokhala khuma pafupi ndi mbaula, manja ali m'khwapa. Ankati akumva kuzizira m'mafupa. Zala zake zinachita makwinya ngati za munthu amene wachapa tsiku lonse. Kuchipatala cha pa esiteti anamupima, anati ndi chimfine, n'kumupatsa panado. Usiku ankatsokomola, ndipo chifuwa chake chinkalira ngati muli madzi. Filesi anayesa kumusinthira lenikoti, kumupatsa imodzi ya zong'ambika zija. Pofika masana Lusiya anabwera kuchokera kumunda atavala ya Dolika.

"Waitenga kuti? Ine ndinakhoma!"

"Si munandipatsa ndinu, amayi? M'mawa muja?"

Filesi anapapasa makiyi pansonga ya chitenje chake. Sankadziwanso ngati wasokonezeka mutu ndi iye kapena mwana.

Lachisanu m'mamawa, akupita kukatsegula, anakumana ndi munthu panjira yodutsa pakati pa tiyi. Chifunga chinali chambiri, moti sankaona bwino ngakhale mapazi ake. Munthuyo anali ataima m'mbali mwa njira, atam'fulatira, dengu lotcholera tiyi lili kumsana. Analibe lenikoti, analibe nsapato.

"Mwadzuka bwanji?" anatero Filesi.

Munthuyo sanatembenuke. Anafunsa ndi mawu apansipansi, ngati a munthu wotopa kwambiri: "Kodi akapitawo atiwerutsa?"

"Kuweruka m'mawa uno? Ntchito siyinayambe n'komwe."

"Oo," anatero munthu uja. "Ndidikirabe."

Filesi anayenda mapazi khumi, n'kuima. Mawu amenewo anawamvapo kuti? Anacheuka. Kunali chifunga chokhachokha, ndi mizere ya tiyi ikudontha.

Tsiku lomwelo kapitawo, a Makwiti, anabwera kosinthira zovala ndi ambulera yawo. Anali bambo wamimba, wokonda kuyankhula ngati akuwerenga kalata.

"Mayi Namakhwa, ndalandira madandaulo. Amayi akuti akuopa kulowa muno, ena ayambanso kupita ndi zovala zonyowa kunyumba. Akuti kabati ina ikupuma. Chitsulo chimapuma, mayi?"

"Sichipuma, akapitawo."

"Ndiye thetsani zimenezi lero. Ine sindifuna nthano pa ntchito."

Filesi anali atatopa. Sabata ziwiri osagona bwino, mwana akudwala, anthu akunong'onezana iye akamadutsa. Madzulo amenewo amayi onse atachoka, anachita chimene iye mwini ankaletsa tsiku ndi tsiku. Anatenga majumbo akale, anawang'amba, n'kuwatsindira m'timabowo ta nambala 14, limodzilimodzi, kumwamba ndi kumunsi, ndi nsonga ya kiyi. Anaika khutu. Zii.

"Upume tione," anatero, n'kukhoma.

Anafika kunyumba kachisisira. Anapeza Lusiya atagona pamphasa, ana aang'ono atamuzungulira akulira. Maso ake anali atatong'oka, pakamwa pali yasa, akukoka mpweya umene sunkalowa. Milomo inali itayamba kuda.

"Lusiya! Mwana wanga, n'chiyani?"

"Amayi... tsegulani."

Filesi anakankha chitseko mpaka kukhoma, anatsegula zenera, anamukupiza ndi chivundikiro cha ndowa. "Ndatsegula, mwana wanga, ona, ndatsegula ponse!"

"Ayi... mwanditseka. Tsegulani."

Mtsikanayo anam'gwira dzanja. Dzanja lake linali lonyowa, ndipo pakati pa zala panali mchenga.

Filesi sanaganize kanthu. Miyendo inaganiza yokha. Anathamanga njira yonse ya m'tiyi, chitenje chili m'manja, akuterereka m'matope, kugwa, kudzuka. Atafika anapeza a Makwiti ataima patali ndi chitseko cha nyumba yosinthira zovala, ambulera ili pansi, chipewa chili m'manja. Mkatimo munkamveka kugunda. Sikunali kugogoda kwa mlendo ayi. Kunali kugunda kwa zikhatho ziwiri pa chitsulo, mofulumira, kenaka mofooka, kenaka mofulumiranso.

"Mayi Namakhwa," anatero a Makwiti, mawu awo a kalata aja atathawa, "mwatsekeramo munthu?"

"Gwirani tochi!"

"Ine ndiunikira ndili pompano."

"Bambo, mwana wanga akufa. Lowani!"

Filesi anatsegula chitseko, onse awiri n'kulowa. Madzi anali atafika m'akakolo. Kugunda kuja kunaleka iwo atangoponda mkati, ndipo bata lake linali loopsa kuposa phokoso. Filesi anagwada pa nambala 14 n'kuyamba kuzula majumbo aja ndi zikhadabo. Ena anakanirira, anachita kuwakoka ndi mano. Atachotsa lomaliza, m'kabatimo munatuluka mpweya wautali, wautali, ngati wa munthu amene watulutsa mutu m'madzi. Unawapitirira kumaso onse awiri. Unkanunkha mtsinje.

A Makwiti anaunika kabatiyo ndi tochi. Filesi anakhala pansi m'madzi momwemo, ndipo mawu a munthu wa m'chifunga uja anam'bwerera.

"Akapitawo, tsiku lija Dolika anathamanga, munamuwerutsa?"

"Ndikanamuwerutsa bwanji? Anachoka osandiuza. Madzulo poitana mayina sanayankhe, ine n'kungodumpha."

Pa esiteti imeneyo munthu saweruka yekha. Madzulo kapitawo amaitana dzina, iwe n'kuyankha, iye n'kunena kuti weruka. Ukachoka osamva mawu amenewo, ndiye kuti ukadali pa ntchito.

"Muwerutseni," anatero Filesi.

"Mayi, ine ndine mkulu wa mpingo. Anthu akamva kuti ndimayankhula ndi kabati..."

"Ndani akawauze? Ine? Muwerutseni, bambo, ndakugwirani mwendo."

A Makwiti anayang'ana kabati ija. Anavala chipewa chawo, anachivulanso. Kenaka anaimirira mowongoka monga amachitira pa mzere madzulo, n'kuitana.

"Dolika Sikelo!"

Palibe anayankha. Kapena alipo, pakuti mpaka lero awiriwa sagwirizana. A Makwiti amati kunali zii. Filesi amati mbedza ya m'kabatimo inalira kamodzi, ngati munthu wachotsapo chinthu.

"Ntchito yatha, mwana wanga. Weruka. Pita kwanu."

Filesi anatsegula loko. Lenikoti inali itagwa pa mbedza, ili pansi pamwamba pa majombo. Anaipinda, chinthu chimene sanalolepo munthu kuchita, n'kuikulunga m'chitenje pamodzi ndi majombowo.

"Katundu wa kampani ameneyo," anatero a Makwiti ndi mawu ofooka.

"Ndikudziwa."

"Chabwino. Ine tochi yanga ndi yakufa, sindinaone kanthu."

Kunyumba anapeza Lusiya atakhala tsonga, atasanza madzi ambiri, akupempha tiyi. Filesi sanalowe ndi mtolo uja m'nyumba. Anaupachika pa mtengo wa mapeyala panja, ndipo usiku wonse unkadontha pa masamba ouma, iye akumva.

Kutacha anauyamba ulendo wa kwa a Nanyoni, kutsidya kwa kamtsinje kaja. Lenikoti yake yakale, ya zigamba, anam'siyira Lusiya. Iye anangofunda chitenje, chiperoni chikumulowa mpaka m'kati. Anapeza mayi aja ali pakhonde, mdzukulu wawo, mwana wa Dolika, akusewera ndi zitsekero za mabotolo pambali pawo. Filesi anagwada pabwalo pamatope, n'kuika mtolo patsogolo pawo.

"Mayi, ndinalakwa. Ndabweretsa zovala za mwana wanu."

A Nanyoni anamasula chitenje chija pang'onopang'ono. Anaisisita lenikotiyo pakhosi pake. "Mwachedwa, amwali."

"Ndachedwa, mayi."

"Ine ndimadziwa kuti sanafike. Chitseko changa miyezi itatu ndimangochibweza, osakhoma." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. "Wanu ali bwanji? Ndinamva kuti munamuveka."

Filesi anagwetsa nkhope. "Wadzuka."

"Aziyamika. Wanga sanali wankhanza. Tiyeni, mundigwire dzanja, miyendo yangayi siifika yokha kumadzi."

Anatsikira limodzi kumtsinje. Madzi anali ochepa, olekeza m'maondo, odekha ngati sanalakwepo. A Nanyoni anachapa lenikotiyo ndi kasopo komwe kaja Filesi anawapatsa mu Malichi, kamene anali atasunga. Anatsuka majombo mkati ndi kunja. Ankayankhula chapansipansi, ndipo Filesi anayang'ana kumbali kuti asamve, poti sanali mawu ake. Atabwerera anayanika lenikotiyo pachingwe pabwalo, pamtetete, kamvula kakugwabe.

Anakhala pakhonde. Patapita kanthawi a Nanyoni anati, "Kaigwireni."

Filesi anapita. Chitenje chake chinali chonyowa, tsitsi lake linali lonyowa, chingwe chenichenicho chinkadontha. Lenikoti inali youma, yofunda, ngati yakhala padzuwa la Okutobala. Anaigwira kunja, anaigwira mkati, anapisa m'thumba. Munalibe mchenga. Anatembenuka kuti afunse, koma a Nanyoni anali atalowa m'nyumba ndi mdzukulu wawo, ndipo anamva akukhoma chitseko.

Lusiya anachira, ndipo akutcholabe tiyi ndi lenikoti ya zigamba ija. Nambala 14 inauma tsiku lomwelo. Palibe anaifuna, ndiye imangokhala yotsegula. Agilesi amafunsabe kuti munthu wa m'chifunga uja anali ndani, nanga madzi onse aja ankachokera kuti, nanga n'chifukwa chiyani anagwira mwana m'malo mwa mayi wolakwayo. Filesi amangoyankha kuti, "Sindikudziwa. Pachika lenikoti yako bwino."

Sadziwadi. Koma pitani madzulo aliwonse nthawi yotseka mukaone. Amayi onse akatuluka, Filesi amayenda mzere wonse wa makabati, akudutsitsa chala pa timabowo kuona ngati tili totsegula. Akafika pakhomo sakhoma msanga. Amasuzumira m'chipinda chopanda munthucho n'kunena kuti, "Amene watsala aweruke."

Kenaka amapatuka pang'ono, kusiya njira, n'kudikira.